Mabuku a Milandu ndi Muyeso Wowasankhira

M'miyezi ya Juni ndi Julai, pamene mphepo ya mwera iomba pa mapiri ano a Dedza, nkhungu nikuta minda ya kacewere ndi mitengo ya paini, ambiri a inu mumalowa m'nyumba zogona dzuwa likangopendeka, nimufunda mabulangete, nimuyamba kuwerenga. Ndakhala ndikupenya mabuku amene amayenda m'manja mwanu pa nyengo imeneyi. Owerengeka okha ndiwo a kaphunzitsidwe. Ambiri ngakale, ena alibe cikuto, ena anathothoka masamba. Ndipo nkhani zace nza munthu wophedwa usiku, za wapolisi wolondola mapazi, ndi za loya woimira munthu pa bwalo la milandu. Tsiku lina mmodzi wa inu anandiimika pa khonde la laibulale nati, "Aphunzitsi, buku lija anandibwereka mnzanga ndalitsiriza, nanga lina lokoma cimodzimodzi ndi liti?" Ndinamyankha mwacidule pakuti belu linali litalira. Yankho lokwanira ndi ili ndalemba pano.

Alipo aphunzitsi anzanga amene amati mabuku otere ngongotayitsa nthawi, ndi kuti wofuna kukhala mphunzitsi ayenera kugwira buku lokhalo limene lidzamthandiza pa mayeso. Mau ao ali ndi mbali ya zoona, pakuti ena mwa mabukuwa ngacabecabe ndithu. Koma alipo ena amene amaphunzitsa cinthu cimene mphunzitsi ali yense acisowa tsiku ndi tsiku, ndico kudekha poweruza. Cofunika tsono ndi kukhala ndi muyeso wolekanitsira mphale ndi madeya, kuti pamene mnzathu atipempha buku tisamangompatsa liri lonse limene liri pafupi ndi dzanja.

Mitundu iwiri

Poyamba tisiyanitse mitundu iwiri ya mabukuwa. Mtundu woyamba ngwa cinsinsi. Coipa cacitika, wocicita sadziwika, ndipo munthu wina wa maso akuthwa amalondola zizindikiro kufikira ampeza. Ambiri amati mtundu uwu anauyamba ndi Edgar Allan Poe wa ku America m'caka ca 1841. Koma amene anauchukitsa pa dziko lonse ndi Arthur Conan Doyle, dokotala wobadwira ku Scotland, amene anaturutsa nkhani yoyamba ya Sherlock Holmes m'caka ca 1887. Pambuyo pace kunadza Agatha Christie, amene kuyambira 1920 analemba mabuku a mtundu uwu oposa 60.

Mtundu waciwiri ngwa pa bwalo. Munthu wagwidwa kale ndipo ali m'manja mwa boma. Cotsala ndi kuona ngati ali wolakwadi, ndiponso ngati oweruza adzacipeza coonadi. Olemba ambiri a mtundu uwu anali maloya iwo eni. Erle Stanley Gardner anayamba nkhani za loya Perry Mason m'caka ca 1933, ndipo John Grisham wa ku Mississippi anaturutsa buku lace loyamba, A Time to Kill, m'caka ca 1989. Buku la cinsinsi lifunsa kuti wacita ici ndani. Buku la pa bwalo lifunsa kuti tadziwa bwanji kuti ndiye. Mafunso awiriwa ngapacibale, ndipo muyeso umodzi ukwanira mitundu yonse iwiri.

Muyeso wa pa bwalo la mfumu

Muyesowo sitisowa kukaufuna kutsidya la nyanja. Yense wa inu amene anakulira m'midzi ya kwa Kachere, kwa Kaphuka, kwa Kamenyagwaza, kapena kunsi kwa mapiri kwa Kachindamoto, anakhalapo pansi pa mtengo kumvera mlandu wa mbuzi zodya mmera kapena wa malire a dimba. Mukumbukira m'mene umayendera. Wodandaula amayala mau ace, woyankha nayankha. Ankhoswe a mbali zonse ali pomwepo. Mboni zimaitanidwa, nduna nizifunsa mafunso, ndipo mfumu imakhala cete kufikira onse atatha. Pa bwalo labwino zonse zimanenedwa poyera, kotero kuti nkhalamba yokhala kumbuyo ikhoza kuweruza mumtima mwace mfumu isanatsegule pakamwa. Cigamulo cikaperekedwa anthu amabalalika akuti, "Nzoona, tinadzimvera tokha." Bwalo loipa ndi lija mfumu igamula potsata mau amene inamva usiku kuseri kwa nyumba, amene anthu ena onse sanawamve.

Kucokera pamenepa titenge mafunso atatu oyesera buku. Loyamba, kodi wolemba waika umboni wonse pamaso pa wowerenga? Aloledwa kuubisa pakati pa zinthu zina monga mai abisa ndalama m'nkhokwe, koma uyenera kukhalamo, kuti wowerenga akafika pa mapeto nabwerera m'mbuyo aupeze nati, "Ha, cinali pomwepa, koma ine sindinacione." Wolemba amene aturutsa mboni yatsopano pa tsamba lotsiriza ali ngati mfumu yomvera za kuseri ija.

Laciwiri, kodi coonadi capezeka mwa kufunsa ndi kulingalira, kapena mwa mwai, mwa nkhonya, mwa maloto, mwa ula? Lacitatu, kodi wophedwayo ndi woimbidwa mlanduyo aonetsedwa monga anthu, okhala ndi amai ao ndi ana ao, kapena ali ngati nsomo za pa bawo zongosunthidwa kuti masewera apitirire? Buku lokhoza mafunso atatu onsewa ndilo loyenera kubwereka mnzako ndi mtima woyera.

Mabuku athu

Tiyambe ndi a kwathu. Buku la kupha munthu limene Amalawi ambiri alidziwa ndi Sikusinja ndi Gwenembe, lolembedwa ndi J. W. Gwengwe m'zaka za m'ma 1960. Anthu awiri apacibale apita kutali kukafuna cuma. Pobwerera wina apha mnzace pa njira cifukwa ca nsanje ya katundu, ndipo cinsinsi cace ciululidwa ndi mbalame. Pa funso lacitatu buku ili likhoza bwino koposa, pakuti wowerenga amamva kulemera kwa mwazi wa mbale. Koma pa mafunso awiri oyamba liri pa njira yina. Wowerenga amamdziwa wakuphayo kuyambira pamene coipaco cicitika, ndipo palibe munthu amene alondola mapazi kapena kufananitsa mau a mboni. Nchito yonseyo yacitidwa ndi mbalame.

Sindikunena izi monyoza a Gwengwe. Iwo anatenga nthano ya makolo, ndipo colinga ca nthano yotere ndi kutsimikiza mtima wa womvera kuti mlandu suola. Phunziro limenelo nlabwino. Koma mwana woleredwa ndi nthano zotere zokhazokha amakula akudikira mbalame. Ndipo tsiku limene mbuzi yasowa, kapena mwana wamwalira mwadzidzidzi, mbalame osabwera, amanyamuka kupita kwa woombeza. Makolo athu anali ndi mwabvi, umene boma linauletsa ndi lamulo la za ufiti la 1911. M'zaka za m'ma 1930 kunabuka a Mchape, oyenda m'midzi ndi mankhwala omwetsa anthu kuti acotse ufiti, amene S. A. Paliani analemba za iwo m'buku lace lochedwa 1930 Kunadza Mchape. Njira zonsezi zifanana pa cinthu cimodzi: zimapereka dzina la wolakwa popanda kuonetsa anthu m'mene ladziwikira. A Paliani omwewo analembanso Sewero la Mlandu wa Nkhanga, ndipo ici cionetsa kuti olemba athu anazindikira kale kuti bwalo la milandu ndi sewero lokonzeka, longosowa wolilemba.

Nanga ncifukwa ninji mabuku ofufuza ndi a pa bwalo ali owerengeka m'Cicewa? Ine ndiona zifukwa zitatu. Coyamba, bungwe losindikiza mabuku la Northern Rhodesia ndi Nyasaland, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1948, ndiponso mamishoni, anali kufuna makamaka mabuku a m'sukulu, a miyambo ndi a malangizo. Caciwiri, lamulo loyang'anira zolembedwa la 1968 linacititsa wolemba ali yense kuganiza kawiri asanalembe za wapolisi wolakwitsa kapena za munthu wamkulu wakupha. Cacitatu ndico cacikulu. M'zaka za 1968 kufikira 1970 anthu ambiri anaphedwa usiku ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre. Bwalo lalikulu litamasula ena oganiziridwa cifukwa ca kucepa kwa umboni, boma linasintha lamulo m'caka ca 1969 nilipatsa mabwalo ochedwa a miyambo mphamvu yozenga milandu ya kupha. M'mabwalo amenewo loya sanali kuloledwa kuimira munthu. A Orton Chirwa, amene anali loya iwo eni, ndi akazi ao a Vera Chirwa, anaweruzidwa kuti aphedwe m'bwalo lotere m'caka ca 1983. A Orton anamwalirira m'ndende ya Zomba m'caka ca 1992, ndipo a Vera anaturutsidwa m'caka ca 1993. Mabwalowo anatha pa kusintha kwa ndale kwa 1993 ndi 1994. Anali atabwereka dzina la mwambo, koma sanali bwalo la pansi pa mtengo lija ndachula. Tsono m'dziko m'mene loya analibe poima pa mlandu waukulu, wolemba akadaipeza kuti nkhani ya loya wopulumutsa wosalakwa? Amene anali ndi luso la nkhani zothamangitsa mtima, monga Aubrey Kalitera, mlembi wa A Prisoner's Letter la 1979, analemba m'Cingerezi.

Mabuku amene ndingabwereke mnzanga

Motero ambiri a mabuku amene nditi ndichule ngam'Cingerezi. Woyamba kumene, amene Cingerezi cimamlemerabe, ndingampatse The No. 1 Ladies' Detective Agency la Alexander McCall Smith, wobadwira ku Bulawayo, limene linaturuka m'caka ca 1998. Wofufuza wace ndi Mma Ramotswe wa ku Botswana. Zida zace ndi kumvetsera, kudziwa mwambo, ndi tiyi. Milandu yace njaing'ono, ya amuna osowa ndi anthu onamizira cibale, ndipo mau ace ngosabvuta. Colakwa cace ncakuti Afrika wace ngwofatsa kopitirira, ndipo zinsinsi zina zimamasuka msanga. Koma pa funso lacitatu likhoza, ndipo limtsegulira munthu khomo.

Laciwiri ndi The Hound of the Baskervilles la Conan Doyle, la 1902. Ili ndilikonda cifukwa liri pafupi ndi moyo wathu. Anthu a dera lina la cipululu ku England akhulupirira kuti banja lina linatembereredwa, ndi kuti galu wa mizimu amapha eni nyumba mbadwo ndi mbadwo. Yense wa ife anamvapo za fisi amene anthu amati ngwotumidwa. Holmes sayamba ndi kuseka anthuwo, ndiponso sayamba ndi kuwakhulupirira. Iye afunsa za nsapato imodzi yosowa pa hotela, za phulusa la fodya pa cipata, ndi za amene angapindule mwini cuma atafa. Sindidzakuuzani mapeto, koma mudzaona kuti cirombo cosiya mapazi m'matope ciyenera kudya, ndipo cimene cimadya ciri ndi wocidyetsa.

Mnzace wa buku limeneli analembedwa kufupi ndi kwathu, m'cinenero ca Afrika. Muhammed Said Abdulla wa ku Zanzibar anaturutsa Mzimu wa Watu wa Kale m'Ciswahili m'caka ca 1960, atapambana nalo pa mpikisano wa olemba wa kum'mawa kwa Afrika. Mtembo upezeka pa malo a mizimu amene anthu amaopa kufikapo, ndipo Bwana Msa, mwa kupenyetsetsa ndi kulingalira, aonetsa kuti ndi dzanja la munthu. Ena a inu a ku Karonga ndi a m'mbali mwa nyanja amene mumamva Ciswahili mulifunefune. Kwa enafe liri umboni wakuti nkhani yofufuza ikhoza kulembedwa m'cinenero ca makolo osataya kukoma kwace.

Pa mabuku a Agatha Christie ndingayambe ndi The Murder at the Vicarage la 1930. Wofufuza wace ndi Miss Marple, mai wokalamba wa m'mudzi waung'ono, amene apolisi amamuyesa wamiseche cabe. Nzeru zace zimacokera pa kudziwa anthu: akaona mlendo amamfanizira ndi wina wa m'mudzi amene anacitapo zotere kale. Ali ngati agogo athu aja amene amakhala pa khonde akusenda nyemba, koma palibe cowapita. Christie ndiye katswiri pa funso loyamba, pakuti umboni amauika poyera nakuceukitsa kwina. Pa funso lacitatu ngwofooka. Nthawi zambiri wophedwayo palibe womlira, ndipo maliro ali ngati mwambi wongofuna kumasulidwa.

Tikafika pa mabuku a pa bwalo, loyamba ndi To Kill a Mockingbird la Harper Lee, la 1960. Loya Atticus Finch aimira munthu wakuda, Tom Robinson, amene anamnamizira kuti anagwirira mkazi wacizungu ku Alabama m'zaka za m'ma 1930. Taonani m'mene loyayo agwirira nchito. Aonetsa kuti mabala a mkaziyo ali ku mbali ya kumanja ya nkhope, monga amenyera munthu wamanzere, pamene mkono wamanzere wa Tom ngwopuwala kuyambira ubwana. Umboni uli poyera, wowerenga aliyense auona. Cotsala ndi kuona ngati anthu amene anagamula kale mumtima adzaulandira. Nkhaniyi aifotokoza ndi mwana wamkazi wa loyayo, ndipo mphunzitsi adzapezamonso zambiri za m'mene ana amaonera zocita za akulu.

Lina ndi The Screaming of the Innocent la 2002, lolembedwa ndi Unity Dow, mai woyamba kukhala woweruza wa bwalo lalikulu ku Botswana. Msungwana wa zaka 12 asowa m'mudzi, apolisi nauza amace kuti anadyedwa ndi zirombo. Patapita zaka zisanu, mtsikana wina wotumizidwa kukathandiza pa cipatala ca m'mudzimo apeza bokosi la zobvala za mwanayo, ndipo mlandu umene akuluakulu anaukwirira uyamba kufukuka. Akale anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Buku ili lifunsa cimene anthu wamba angacite pamene wolakwa ali pa mpando. Nlowawa kuwerenga, koma si nthano ya kutali. Kuno kwathu abale athu a khungu la cialubino akhala akuphedwa cifukwa ca zikhulupiriro za zizimba, ndipo pa mlandu wa mnyamata wa ku Machinga amene anaphedwa m'caka ca 2018, bwalo lalikulu linapeza olakwa anthu 12 m'caka ca 2022, ena a iwo anthu a maudindo. Wotsiriza buku la Dow apitirire ndi The Book of Memory la 2015, la Petina Gappah, loya wa ku Zimbabwe, m'mene mkazi wacialubino wodikira kunyongedwa m'ndende ya Chikurubi alemba mbiri yace kuti ithandize pa apilo. M'menemo mudzaona kuti ngakhale cikumbukiro ca munthu mwini ndi mboni yoyenera kufunsidwa mafunso.

Mabuku operewera pa muyeso

Ndidziwa kuti amene amayenda kwambiri m'nyumba zanu zogona ndi a James Hadley Chase. Makolo anu ophunzira anawawerenganso, ndipo ambiri anazolowera Cingerezi mwa iwo, cimeneco sindicikana. Chase anali Mngerezi wolemba za America, ndipo anachuka ndi No Orchids for Miss Blandish la 1939. Nkhani zace zimathamanga ngati moto wa lupsa. Koma taziyesani ndi mafunso athu. Kawirikawiri coonadi cimapezeka mwa kumenya munthu kufikira aulule, akazi ali ngati katundu wolimbirana, ndipo wakufa aiwalika tsamba lisanatembenuzidwe. Munthu amatseka buku mtima ukugunda, koma m'mutu mulibe cimene cawonjezeka. Mnzanu akalifuna musammane, koma mumuuze cimene ciri m'katimo, nimumpatse lina pambali pace.

Za John Grisham ndinena mosiyanitsa. A Time to Kill liri ndi funso lenileni: kodi bwalo licite naye ciani bambo amene wapha anthu ogwirira mwana wace? Limeneli likhoza kukambidwa usiku wonse. Koma ena mwa mabuku ace a pambuyo ali ndi kuthamangitsana kwambiri kuposa kuweruza. Ndiponso cenjerani kuti mazengedwe a milandu a ku America si ofanana ndi athu m'zonse. Mabwalo athu a boma anatengera njira ya ku England. Wofuna kudziwa m'mene mlandu umayendera kuno apite tsiku lina ku bwalo la majisitireti pa boma la Dedza, akakhale kumbuyo namvere, pakuti milandu yambiri imazengedwa poyera.

Mphunzitsi ndi woweruza

Mwina wina afunsa kuti zonsezi zimkhudza bwanji munthu wokaphunzitsa ana a Sitandade 3. Ndikuuzani za ine mwini. Ndisanadze pa koleji pano ndinaphunzitsa Sitandade 6 pa sukulu ina ya kumudzi, kufupi ndi malire a Mozambique. Tsiku lina envulopu ya ndalama zimene ana anasonkha inasowa m'dirowa ya tebulo langa. M'kalasimo munali mnyamata wamkulupo kuposa anzace, wobwera mocedwa masiku ambiri, wa malaya ong'ambika. Ndipo tsikulo ndiye anasesa. Nditafunsa, ana onse anaceukira kwa iye. Ndinampisa m'matumba osapeza kanthu. Komabe ndinampatsa cilango cokumba dzenje la zinyalala anzace akuona, ndipo pamene anafuna kulankhula ndinamuuza kuti akhale cete.

Patapita masabata awiri ndinasolola dirowa yonse kuti ndiikonze, ndipo envulopu ija inali itagwera kumbuyo kwace, ndalama ziri zonse. Mnyamatayo anali ataleka kale sukulu napita kukagwira ganyu m'minda ya kacewere kutsidya kwa malire. Ndinapita kwa amai ace kukapepesa. Anandilandira mwaulemu, nandiyalira mphasa, koma mwana wao sanabwererenso m'kalasi. Sindinafunse amene anamuona akutenga, sindinafufuze pa malo pamene cinthu cinasowera, ndiponso sindinamve mbali yace. Miss Marple akadayamba ndi dirowa.

Mudzaweruza milandu yotere sabata iri yonse: pensulo yosowa, buku long'ambidwa, ndewu ya pa njira. Ana makumi asanu ndi limodzi kapena kuposa adzakhala akupenya m'mene mucitira, ndipo adzaphunzira kwa inu ngati munthu amatsutsidwa ndi umboni kapena ndi nkhope yace. M'caka ca 2017 mphekesera za anamapopa zinafala ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi madera ena, ndipo anthu angapo anaphedwa ndi makamu popanda wofunsa kuti waona ndani. Ambiri a oponya miyalawo anadzera m'makalasi a aphunzitsi onga ife. Malamulo akulu a dziko lino a 1994, pa gawo 42, anena kuti woimbidwa mlandu ayesedwe wosalakwa kufikira bwalo litampeza wolakwa, ndi kuti womangidwa aonekere pa bwalo pasanathe maora 48. Mau amenewa adzakhala a pa pepala cabe ngati ana sanaone cifaniziro cace m'kalasi.

Kabwerekedwe kabwino

Potsiriza, nawa malangizo pang'ono a m'mene tingathandizirane monga owerenga. Pomuuza mnzako za buku usaulule mapeto, pakuti kutero kuli ngati kumtafunira nzimbe numpatsa makoko. Umuuze mtundu wace, kulemera kwa Cingerezi cace, ndi ngati muli zowawa mtima, kuti asankhe akudziwa. Usangoti nlokoma, unene cimene cakukomera, pakuti ponena cifukwa ndi pamene iwe mwini uphunzira kuyesa buku. Mukawerenga awiri kapena atatu buku limodzi, imani musanafike mutu wotsiriza, yense alembe pa kapepala dzina la amene amganizira ndi zifukwa zace, ndipo mutatsiriza muone amene analondola bwino ndi pamene enawo anasokera. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo buku la cinsinsi lopanda masamba otsiriza nlakufa. Likuteni ndi pepala lolimba, mulibweze lathunthu.

Mabuku ndachulawa ngoyenera inu, si ana a ku pulaimale iai. Koma njira yace mungaitengere m'kalasi. Pa phunziro la Cicewa pekani kankhani ka nkhuku yosowa, muikemo mboni zitatu zimene mau ao sagwirizana, ndipo ana apeze amene akunama. Mwana akachula dzina, mfunseni funso limodzi lokha: "Wadziwa bwanji?"

Ndipo ena a inu muli ndi dzanja lolemba. Zopinga zimene zinatsekereza olemba akale zambiri zinacoka, ndipo nkhani ziri ponseponse m'boma lino: ng'ombe zoolotsedwa malire usiku, dimba limene mabanja awiri alilimbirana, nkhalamba imene mudzi waiweruza kale. M'caka ca 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, bwalo lalikulu linagamula kuti lamulo lokakamiza woweruza kupereka cilango ca imfa kwa yense wopezeka wakupha nlosemphana ndi malamulo akulu. Ndipo pambuyo pace akaidi ambiri anamvedwanso, ena nabwerera kwao atakhala m'ndende zaka zambiri. Kubwerera kwa munthu wotere m'mudzi mwace ndi buku lathunthu. Wofufuza wanu asakhale Mzungu wa kaliwo pakamwa. Akhoza kukhala kalaliki wa bwalo la mfumu, mlangizi wa zaumoyo woyenda pa njinga, kapena mphunzitsi wamkazi wa pa sukulu ya m'phiri. Cimene ndipempha ncakuti aike umboni poyera, apeze coonadi mwa kufunsa, ndipo amve mbali zonse. Amene ayese kulemba nkhani yotere abwere nayo kwa akonzi a magazini ino, ndipo ine ndidzakhala woyamba kuiwerenga.